Mphindi 7 zimene sindinauze bwana

  A Mkonzi akhala akundiumiriza kuchokera pa phwando lathu la 6 July kuti ndilembeko kanthu za ntchito yanga. Iwo ati ambiri a ife kunja kuno ndife alonda, koma tikakumana ku tchalitchi aliyense amangoti “ndili mu security,” ngati kuti mawu achingerezi amachotsa chisanu. Ine ndivomere pano kuti ndine mlonda, ndipo ulonda ndi umene waphunzitsa ana anga ndi kufolera malata nyumba ya mayi anga ku Ntchisi. Koma sindikulemba kuti ndinyadire ntchito ayi. Pali mphindi 7 za usiku wina mu January 2016 zimene sindinafotokozepo moona kwa bwana wanga, ndipo ndaona kuti ndizitule kwa inu.

Ndiyambe ndi kumene ndachokera kuti mundimvetse. Ndinatera pa Heathrow mu 2003, nthawi imene Mmalawi ankangokwera ndege popanda visa nkukadindiridwa pabwalo pomwepo. Za visa zinabwera mu 2006, ine ndili kale mkati. Ndinalowa koleji, ndalama za fizi zinatha, mapepala nawo anatha, ndipo kwa zaka ziwiri ndinali munthu woyenda mozemba. Amene munadutsamo mukudziwa. Ukaona a yunifolomu pa siteshoni ya sitima umabwerera ngati waiwala kanthu kunyumba. Dzino likamapweteka umangomwa panado nkugona. Wina akagogoda m'mamawa, mtima umati phaa, usanadziwe nkomwe kuti ndi wa makalata. Mapepala anga anakonzeka mu 2009, ndipo chaka chotsatira ndinachita kosi nkutenga laisensi ya SIA yoyang'anira makamera. Basi, ine amene ndinkathawa kuonedwa ndinayamba kulipidwa chifukwa choona anzanga.

Ntchito ndinaipeza pa bwalo lina la mathiraki kufupi ndi Slough, pakati pa Heathrow ndi msewu wa M4. Mathiraki ochokera ku Ulaya amafika madzulo, amagona pamenepo, katundu nkutsitsidwa m'mawa. Akuba ankativutitsa kwambiri. Ena ankapopa dizilo m'mathanki, ena ankang'amba matenti a m'mbali mwa ngolo ndi mpeni nkusolola makatoni. Makamera amene tinali nawo anali awa mumawaona m'mashopu, okhala ndi timagetsi tofiira tozungulira galasi. Timagetsito timawalitsa kuwala kumene diso la munthu siliona, kofanana ndi kumene kamatuluka pa rimoti ya TV, koma sikafika patali, ndipo kukagwa nkhungu umangoona ufa pa sikirini. Ndiye mu 2014 kampani inagula makamera 8 a mtundu wina, oona kutentha, nkuwakweza pa mapolo kuzungulira bwalo lonse.

Amene anabwera kudzawalumikiza anali mtsikana wa ku Poland, injiniya, ndipo poti ine ndinali wa mafunso ambiri anandifotokozera zinthu zimene ndikufuna ndikugawireni. Anayamba ndi kundifunsa ngati ndikudziwa kuti nzeru imeneyi inabadwira mu Slough momwemo. Ine ndinkadutsa pa Herschel Street pafupifupi tsiku lililonse osadziwa mwini dzina. William Herschel anabadwira ku Hanover, ku Germany, anabwera ku England ngati woimba, mlendo wofuna moyo ngati ife tomwe, kenako anatembenukira ku za nyenyezi. Ndi amene anatulukira dziko la Uranus mu 1781. Mu 1800, akukhala ku Slough, anadutsitsa kuwala kwa dzuwa pa galasi la ngodya zitatu kuti kugawike mitundu ya utawaleza, nkumaika thermometer pa mtundu uliwonse. Ataisuntha kupitirira pofiira, pamene maso sankaona kalikonse, kutentha kunakwera kuposa pena ponse. Apo anadziwa kuti pali kuwala kwina kumene sitikuona. Kumeneko ndiye masiku ano amati infrared.

Chinthu chilichonse chimatulutsa kuwala kumeneku molingana ndi mmene chatenthera: mwala, galu, injini, inu ndi ine. Kuwala amakuyeza ndi muyeso wotchedwa micrometre, womwe ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Diso lathu limaona kuyambira pa 0.4 kulekeza pa 0.7, pamene thupi la munthu limawala kwambiri cha pa 10. Makamera athu aja amaona pakati pa 8 ndi 14, ndiye safuna nyale, safuna mwezi, nyale yake ndi munthu mwiniyo. Mkati mwake muli timabokosi ting'onoting'ono masauzande ambiri tondandalikidwa ngati mizere ya m'munda, ndipo kalikonse kakafundako pang'ono magetsi odutsamo amasintha, kompyuta nkupanga chithunzi. Amatha kusiyanitsa kutentha kosakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a digiri. Galasi lake si galasi wamba, chifukwa galasi wamba limatchinga kuwala kumeneku. Amagwiritsa ntchito germanium, nchifukwa chake makamerawa ndi odula. Munthu akaima kuseri kwa windo lotseka, kamera yotere simuona.

Pa sikirini chotentha chimaoneka choyera, chozizira chakuda. Thiraki yongofika kumene imaoneka matayala ndi injini zili mbee, ndipo zimazilala pang'onopang'ono usiku wonse, moti ukazolowera umadziwa kuti iyi yafika kalekale, iyi yafika posachedwa. Nkhandwe za kuno zimaoneka ngati tinyali toyenda. Munthu amaoneka nkhope ndi manja zili zoyera kwambiri, jekete ili yotuwa. Nditaona koyamba ndinakumbuka agogo anga aamuna, amene ankatichenjeza kuti nsato imakuona ngakhale mumdima wa ndiwe yani. Ife tinkayesa nthano zoopsezera ana. Koma nzoona, nsato ili ndi timaenje m'mbali mwa milomo timene timamva kutentha kwa nyama ili chapatali. Azungu anangoika pa polo chimene nsato inabadwa nacho.

Kamera imodzi payokha ndi yoperewera, chifukwa imaona mbali yake yokha. Mphamvu ili pa kulumikizana kwake, ndipo apa ndi pamene mtsikana uja anatha masiku atatu. Anayenda bwalo lonse ndi tepi, akuika zizindikiro pa phula, kuti kompyuta idziwe kuti kadontho aka pa chithunzi cha kamera 3 ndi malo akuti pa mapu a bwalo. Munthu akalowa, kompyuta imamujambulira kabokosi, imamupatsa nambala, imaona pamene mapazi ake aponda nkumuika pa mapu. Akamatuluka m'dera la kamera 3 kulowa m'dera la kamera 4, ziwirizo zimamuona pamodzi kwa kanthawi, kompyuta nkuzindikira kuti ndi munthu yemweyo, nambala osasintha. Ine ndinamuuza kuti kwathu zimenezi timati uzimba. Amuna amamwazikana kuzungulira tchire, aliyense ndi chibonga ndi galu wake, ndipo gwape akadumpha amene wamuona amakuwa kuti “wapita kwanuko!” Palibe mlenje amene amaona nyama kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma onse pamodzi saitaya.

Nanga nyama ikalowa pa chitsamba pamene palibe akuiona? Mlenje wodziwa sayang'ana pamene yalowera, amayang'ana pamene ikatulukire. Kompyuta nayo imatero. Imaona kumene munthu akulowera ndi liwiro lake, nkulosera pamene akhale pa sekondi yotsatira. Chithunzi chatsopano chikabwera imaphatikiza ulosi wake ndi zimene kamera yaona, nkutsamira kwambiri mbali imene ili yodalirika pa nthawiyo. Masamu ake anawalemba Rudolf Kalman mu 1960, naye mlendo, wobadwira ku Budapest koma wokhala ku America, ndipo masamu omwewo anathandiza kuwongolera zombo za Apollo popita ku mwezi. Pa bwalo lathu, munthu akabisika kuseri kwa chinthu, kabokosi kake kankasanduka kachikasu nkumapitirirabe kuyenda kopanda munthu mkati, kukamudikirira kumene akuyenera kutulukira. Akapanda kutuluka pakatha masekondi 30, kankazima.

Musaganize kuti ndi zamatsenga. Mvula ikagwa nthawi yaitali zinthu zonse zimazizira mofanana, chithunzi nkukhala phala. Kamera yotere sidziwa mtundu wa malaya, sidziwa nkhope, sidziwa mzungu kapena wakuda, ndipo anthu awiri akakumana nkusiyananso kompyuta nthawi zina imasinthanitsa manambala awo. Komanso bwalo lathu linali ndi malo amodzi amene kamera iliyonse sinkafika, kampata ka mamita ngati 20 pakati pa mulu wa mapaleti ndi makontena awiri akale, chakumpanda wakumbuyo. Tonse tinkakadziwa. Tinauzapo akuluakulu, iwo anati kamera ya 9 idzabwera bajeti ikalola.

Tsono usiku umenewo. Kunazizira mpaka madzi a m'zithaphwi anauma gwaa. Mnzanga wa ku Ghana anali pa geti lakutsogolo, ine ndekha m'kachipinda ka masikirini ndi fulasiki yanga ya tiyi. Nthawi ili 03:12 kompyuta inalira. Kamera 3 inaona chinthu chikutsika m'mbali mwa ngolo ya thiraki imene inafika madzulo kuchokera ku Calais. Inachipatsa nambala 14, poti 13 zoyambazo zinali nkhandwe, mphaka ndi madalaivala opita kuchimbudzi. Ndinaona nthawi yomweyo kuti uyu ndi munthu, koma sanali wakuba. Wakuba amachokera kumpanda kupita ku thiraki, ndipo amayenda mowerama, mofulumira. Uyu anachokera mkati mwa thiraki, ndipo ankayenda ngati mwana wongophunzira kumene, miyendo ili tang'a. Anagwa, anadzuka, kamera 4 inamulandira, kenako kamera 6. Nthawi ili 03:14 analowa m'kampata kaja. Kabokosi kachikasu kanapitirira kokha, kanatulukira pa kamera 7 kali kopanda kanthu, kanaima, kanazima.

Lamulo la ntchito linali losavuta ndipo linamatidwa pakhoma patsogolo panga: ukaona munthu wosaloledwa, imba kupolisi, uza supavayiza, usamuyandikire wekha. Dzanja langa linafika pa foni. Koma silinainyamule. Miyezi imeneyo nkhani ya msasa wa ku Calais, uja ankautcha Jungle, inali pa TV tsiku ndi tsiku, ndipo ndinadziwa bwino lomwe kuti nambala 14 ndi ndani. Ndinadziwanso kuti ndikaimba, ulendo wake wonse, kaya unali wa miyezi ingati, uthera m'manja mwa apolisi chifukwa cha chala changa. Ndinaganizanso za dalaivala wa ku Romania amene anali mtulo m'thiraki yake, poti masiku amenewo dalaivala ankatha kulipitsidwa mpaka £2,000 pa munthu aliyense wopezeka atabisala m'galimoto mwake. Ndiye mumtima ndinati, mpanda uli pafupi, akwere azipita, ine ndidzati inali nkhandwe. Ndinakhala phee, maso pa kamera 7 ndi 8, ndikumupempherera kuti atuluke.

Abale anga, ndinkadziona ngati wachifundo. Ndinkati ndikumuchitira zimene ndikanafuna kuti wina andichitire mu 2007. Mphindi imodzi inatha, ziwiri, zitatu. Sanatuluke. Kamera 7 ndi 8 zimaona mpanda wonse wakumbuyo, kamera 6 imaona polowera, ndiye panalibe njira ina yoti nkudzera. Ndinati mwina wabisala, akudikira. Koma munthu wobisala amasuzumira, kamutu koyera kamaoneka pakona nkubwerera, ndinali nditaziona kambirimbiri ndi akuba. Apa panalibe ngakhale kamutu. Pa mphindi yachisanu ndinabweza kanema m'mbuyo kuti ndimuonenso bwino, ndipo ndi pamene ndinaona chimene maso anga anadumpha poyamba. Nkhope yake inali yotuwa, osati yoyera. Manja ake sankaoneka nkomwe, anali akuda ngati phula limene ankapondapo.

Ndinali nditaonapo zofanana nazo pang'ono pa mnzanga wa pa geti akabwera kozungulira bwalo opanda magulovesi. Thupi likazizidwa limabweza magazi kuchoka ku zala ndi kukhungu kuti liteteze mtima, ndiye pa kamera manja amayamba kuzima. Koma a mnzangayo ankangotuwa. Awa anali atazimiratu. Munthu uyu anakhala mu ngolo ya tenti kuyambira kutsidya kwa nyanja, pa sitima ya pamadzi kufika ku Dover, msewu wonse, kenako theka la usiku pa bwalo lathu, osayenda, mwina osadya. Sanabisale m'kampata muja. Anagwa. Ngakhale nditazindikira zimenezi ndinathanso mphindi ziwiri ndikulimbana ndi mtima wanga, ndikuti mwina ndikulakwitsa, mwina adzuka. Nthawi ili 03:21 ndinaimba 999 nkupempha ambulansi, ndinauza mnzanga pa wayilesi ya m'manja kuti atsekule geti, ndinatenga tochi, fulasiki ndi jekete yanga yaikulu nkuthamanga.

Ndinamupeza atatsamira paleti, miyendo ili pa madzi ouma aja. Anali mnyamata wamng'ono, wamtali, wowonda, wakuda kuposa ine, atavala kajuzi ndi nsapato za tenesi zopanda sokosi. Chimene chinandiopsa nchoti sankanjenjemera. Mayi wa pa 999 anali akadali pa foni, ndipo nditamuuza zimenezi mawu ake anasintha. Anati ndimuchotse pozizirapo mosamala, ndimufunditse mpaka kumutu, ndisamutikite manja kapena miyendo, ndisamumwetse kanthu mpaka atatsitsimuka bwinobwino. Ndinamukhazika pa makatoni, ndinamukulunga jekete, ndinakhala pansi nkumukumbatira kuti kutentha kwanga kumulowe. Chingerezi chonse chinandithawa. Ndinangomva pakamwa panga pakutuluka kuti, “Dzuka mphwanga, dzuka. Usagone iwe. Wafika kale, usafere pano.”

Patapita kanthawi anatsekula maso. Milomo yake inali yong'ambikang'ambika, ndipo ankanena mawu amodzi mobwerezabwereza, motsitsa kwambiri. Ine ndinamva kuti akuti “moyo, moyo.” Tsitsi linandiima. Ndinati kodi ameneyu ndi wakwathu? Ndinamufunsa m'Chichewa kuti kwanu nkuti, sanayankhe. Ndinafunsa m'Chingerezi, anati Sudan. A ambulansi anafika, apolisi pambuyo pawo. Anamukulunga chofunda chonyezimira chija, anamuyeza, mmodzi nkunena kuti kutentha kwa thupi lake kwatsika kwambiri kupitirira pa 35, pamene madokotala amayambira kuda nkhawa. Anamunyamula. Apolisi anadzutsa dalaivala uja, amene anatuluka atavala kabudula, ataona tenti yong'ambika anagwira kumutu nkuyamba kulira ngati mwana. Jekete yanga inapita ndi ambulansi ndipo sindinaionenso.

M'mawa bwana anabwera, tinakhala pansi kuonera kanema yense, chifukwa apolisi ankafuna kope. Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti uzimba uja sunkasaka mnyamata yekha. Kompyuta inalemba zonse: 03:12 kulira, 03:12 mlonda wavomera kuti waona, 03:14 nambala 14 yatayika, 03:21 nambala 15 yatuluka m'kachipinda. Nambala 15 ndinali ine. Ndinadziona ndikuthamanga, woyera mbee, kamera 1 kundipereka kwa 2, 2 kwa 4, 4 kwa 6, mpaka ndinalowa m'kampata nanenso nkuzima. Bwana anaimitsa kanema nkuloza pa sikirini. “Mwachita bwino, ndipo kampani ikuthokozani. Koma pakati apa pali mphindi 7. Munkatani?” Ndinayankha kuti ndinkatsimikiza ngati sinali nkhandwe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, poti naye ankaona kuti nkhandwe siyenda ndi miyendo iwiri. Kenako analemba mu lipoti mawu anga omwewo, nkhani nkuthera pomwepo. Kamera ya 9 inabwera mwezi wotsatira.

Pali kachidutswa kena ka kanemayo kamene sindidzaiwala. A ambulansi asanalowe ndi machira, ine ndi mnzanga wa ku Ghana tinamutulutsa mnyamatayo m'kampata kupita naye poyera. Mnzangayo anatsogola ndi tochi, ine ndinamunyamula pachifuwa. Kamera 6 itationa, kompyuta inasokonezeka. Inaona chinthu chimodzi cha miyendo iwiri, chotentha mbali ina, chozizira mbali ina, ndiye inatijambulira kabokosi kamodzi nkutipatsa nambala imodzi, 14. Mtsikana wa ku Poland uja akanati ndi vuto lodziwika la makina, manambala kusinthana anthu akagundana. Nzoona. Koma ine nditaona nambala ya mnyamata uja ili pamutu panga ndinapempha kutuluka panja kaye.

Nditafika kunyumba ndinawafotokozera mayi a Chisomo zonse, pamodzi ndi mphindi 7 zija. Ndinkayembekeza kuti anditonthoza. Iwo anaika ketulo pamoto, anakhala chete, kenako anati, “Bambo a Chisomo, inu simunkamumvera chisoni mwana uja. Munkadzimvera chisoni nokha, inu a 2007. Mukanamuyang'ana iyeyo mukanaona manja akewo poyamba pomwe.” Ndinakwiya, ndinati iwo sanakhalepo opanda mapepala ndiye sangamvetse. Anandiyankha kuti, “Ndinakhala zaka ziwiri ndi munthu wopanda mapepala, ndikumva chitseko chilichonse pamodzi naye. Imwani tiyi mukagone.” Sindinagone. Mpaka lero sindinapeze poti ndiwatsutse.

Patatha masabata angapo ndinafotokozera dalaivala wina wa folokilifiti, wa ku Sudan, za mawu aja. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati m'Chiarabu cha kwawo madzi amati “moya.” Mwanayo sankanena za moyo ayi, ankapempha madzi, ndipo ine ndinali ndi fulasiki m'thumba imene mayi wa pa foni anandiletsa kumupatsa. Ndinaseka naye, koma kwathu timati madzi ndi moyo, ndiye mwina sindinamve molakwa kwenikweni. Yemweyo ndi amene anandiuza kuti mwana wosakwana zaka 18 akafika yekha m'dziko muno amasamalidwa ndi khonsolo ya dera limene wapezeka pamene nkhani yake ikuunikidwa. Ndinayesa kufunsa kupolisi kuti ali bwanji, anangondiuza kuti anatuluka m'chipatala ali bwino, zina sangandiuze poti sindine m'bale wake. Dzina lake sindilidziwa. Ngati ali moyo, pano ndi bambo wamkulu.

Ndalemba zonsezi chifukwa cha zinthu ziwiri. Choyamba ndi cha abale athu amene ali kumudzi. Mnyamata uja anapulumuka chifukwa anali mu ngolo ya tenti imene anatha kuing'amba, nkutulukira pamene makamera ankaona. Kamera yoona kutentha siona kudutsa chitsulo cha kontena, nchifukwa chake pa doko la Calais amagwiritsanso ntchito agalu, zida zoyeza mpweya umene anthu amapuma ndi zina zomva kugunda kwa mtima. Amene watsekeredwa mkati palibe amamuona mpaka chitseko chitatsekulidwa. Mu June 2000 anthu 58 a ku China anapezeka atafa mu thiraki ya matimati pa Dover. Mu October 2019 anthu 39 a ku Vietnam anapezeka atafa mu ngolo ku Grays, ku Essex. Ndipo tisati ndi za kutali. Mu March 2020 anthu 64 a ku Ethiopia anapezeka atafa mu kontena m'chigawo cha Tete, thiraki yake ikuchokera ku Malawi, 14 okha ndi amene anatuluka amoyo. Umenewo ndi msewu womwe ana a alongo athu amadzera popita ku Joni. Mphwanu akakuimbirani kuti wapeza wina womuwolotsa motchipa, mufunseni kuti akwera chiyani, ndipo chitseko chake chimatsekulidwa ndi ndani. Ngati ndalama ya basi ndi pasipoti ili yotheka, tumizani, ngakhale mwezi umenewo mudye nsima ya kabichi.

Chachiwiri ndi cha ife alonda, ndi manesi, ndi osamalira okalamba, tonse amene ntchito yathu ndi kuyang'anira anthu usiku. Ambiri a ife tili ndi mabala a mapepala, ndipo mabalawo amatiuza kuti kuitana a yunifolomu ndi kupereka mnzako. Nthawi zina nzoona, sindikana, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati mnyamata uja amandidalitsa kapena amanditukwana kumene aliko. Koma munthu amayamba wakhala moyo, za mapepala zimabwera pambuyo. Wakufa sapita kukhoti kukadandaula. Makina aja anachita mbali yawo bwinobwino: anamuona, anamulondola, anandisonyeza pamene akuyenera kutulukira ndi kuti sanatuluke. Chimene sakanatha ndi kudzuka pampando. Chimenecho chinali changa, ndipo ndinachedwa nacho mphindi 7 pa usiku umene madzi ankauma pansi.

Ndikugwirabe ntchito ya usiku, ngakhale pa bwalo lina, ndipo maondo ayamba kudandaula. Makamera a masiku ano ndi akuthwa kuposa aja a 2014, amasiyanitsa okha munthu ndi nkhandwe, moti bodza langa lija lero silingagwire. Anyamata atsopano akabwera ndimawaphunzitsa mabatani onse, kenako ndimawauza chinthu chimodzi chimene sichili m'buku la kampani, kuti kabokosi kakatuluka kopanda munthu asadikire kuti kazime, ndipo asanayang'ane china chilichonse ayang'ane manja. M'kabati yanga ndimasungamo jekete yachiwiri ndi botolo la madzi.

 Amene muli pa shifiti usiku uno, valani zofunda. Tionana pa msonkhano wa mwezi wa mawa, ndipo amene simunapereke za thumba la maliro musaiwale.

Mnzanu wa ku Slough